Tsiku Limene Ndinanenerera Paipi ya Mkodzo

Kuyambira ku Khonjeni mpaka ku Masambanjati palibe munthu amene anandiuzapo mtengo woyamba ine n'kuvomera. Funsani amene amatigulitsa mabelo a kaunjika ku Limbe. Funsani amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu. Funsaninso apongozi anga, amene anati ndiwalimire munda wonse ndisanalowe m'nyumba ndi mwana wawo, koma tinathera pa theka, ndipo linali theka lopanda miyala.

Ntchito yanga ndi yogulitsa majekete ndi majuzi. Tsiku la malipiro ndimayala pageti la esiteti ya tiyi, masiku ena ndimazungulira m'misika. Ntchito imeneyi inandiphunzitsa kuti mtengo woyamba ndi moni chabe. Umauyankha, n'kumuyang'ana mwiniwake m'maso. Ukaona kuti wauma, umatchula za mnzake: "Kwa uyo n'kotchipa." Ukatero umatembenuka n'kuyamba kuyenda, pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Usanafike patali umamva akuti, "Bwerani bwana, tikambirane." Mawu amenewa ndawamva moyo wanga wonse, ndipo inenso ndawanena kwa anthu osawerengeka. Sindinkadziwa kuti kuli malo ena kumene sawagwiritsa ntchito.

Vuto la mkodzo linayamba mwaulemu. Ndikapita kuseri kwa bulugama ndinkachedwako, anzanga n'kumaganiza kuti ndikuyankha foni yachinsinsi. Mkodzo umene kale unkakumba dothi unayamba kutuluka ngati madzi a pampopi m'mwezi wa Okutobala: dontho, kenako kudikira, kenako dontho lina. Mayi a kunyumba anazindikira msanga. Iwo amathyola tiyi pa esitetipo, ndi antchito okhazikika, choncho ine monga mwamuna wawo ndimaloledwa kuthandizidwa pakiliniki ya kampani. Anandiuza kangapo kuti ndipiteko. Ndinkawayankha kuti chinthu ukachionetsa kuti ukuchiopa chimadzikweza, chisiyeni chitsika chokha.

Chaka chimenecho chiperoni chinakhazikika masiku ambiri. Kwa ine nyengo yotere ndi yokolola, chifukwa munthu akamanjenjemera sanenerera kwambiri. Koma chimfine chinandigwira nanenso. Ndinagula mapiritsi paokala, ndinamwa, ndinatsira tiyi wotentha pamwamba pake makapu angapo, n'kugona. M'mawa wa tsiku la malipiro ndinaima kuchimbudzi mpaka miyendo kuzizira. Ngakhale dontho lija la masiku onse silinabwere.

Munthu wanzeru akanapita kukiliniki. Ine ndinamanga katundu n'kupita pageti.

Dzuwa lisanafike pamutu, pansi pa mchombo panali patauma ngati papaya losapsa. Kukhala pansi sindinkatha, kuima sindinkatha, ndinkangopondaponda ngati ndaponda linthumbu. Kunabwera kapitawo wina n'kunyamula jekete lachikopa, labwino kuposa onse m'belo limenelo. Anatchula mtengo wake wachipongwe, womwe munthu amatchula pongoyesa. Ine ndinati, "Tengani."

Alamu anga anamva. Ndi mng'ono wawo wa mayi a kunyumba, amayendetsa njinga yamoto ya kabaza, ndipo siteji yawo ili pageti pomwepo. Anasiya chinangwa chimene ankadya n'kubwera.

"Alamu, mwati chiyani kwa munthu uja?"

"Ndati atenge."

"Kwerani njinga. Inu mukufa."

Msewu wopita kukiliniki umadutsa m'minda ya tiyi, ndipo anaupangira mathirakitala, osati anthu odwala. Mwala uliwonse umene tayala linaponda ndinaumva m'chikhodzodzo. Alamu ankayendetsa ndi dzanja limodzi, linalo likuimbira foni achemwali awo, amene tsiku limenelo ankathyola kumunda wakutali, kutsidya kwa damu. Ndinawamva akuti, "Fulumirani, akugawa majekete."

Kilinikiyo ndi kanyumba ka zipinda ziwiri, khonde ndi benchi. Dokotala wamwamuna amabwera masiku ena. Tsiku limenelo kunali anesi okha. Ndinkawadziwa. Ndi a msinkhu wa mwana wanga woyamba, a mpingo wa Sabata, ochokera cha kumishoni. Anagulapo juzi kwa ine, ndipo nditatchula mtengo anangotsegula kachikwama n'kulipira, osatsutsa ngakhale pang'ono. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawaona ngati munthu wofewa.

"Abambo a majekete! Lero mwatibweretsera chiyani?"

"Ndadzibweretsa ndekha, anesi."

Anandigoneka pabedi. Anafunsa kuti ndinakodza liti komaliza, mapiritsi amene ndinamwa anali otani, ndiponso ngati pali mankhwala amene ananditupitsapo kapena kunditulutsa zidzolo. Kenako anadina pansi pa mchombo ndi zala ziwiri. Ndinatchula mayi anga omwe anamwalira kalekale.

"Chikhodzodzo chadzaza, njira yatsekeka," anatero. "Kwa abambo a msinkhu wanu nthawi zambiri imakhala pulositeti, kachiwalo kozungulira njira ya mkodzo. Kakakula kamafinya njirayo, ndipo mapiritsi a chimfine aja angowonjezera. Zimenezo akaziona bwino kuchipatala chachikulu. Koma panopa mkodzowu uyenera kutuluka. Tiika paipi."

"Paipi? Kuti?"

"Kumene mkodzo umatulukira."

Anandionetsa ili m'pepala lake lomata. Yachikasu, yofewa, koma yaitali moti ndinayang'ana paipiyo, n'kudziyang'ana ndekha, n'kuona kuti masamu ake sakugwirizana. Apa m'pamene mutu wanga wa kumsika unadzuka. Ndinati mumtima, uwu ndi mtengo woyamba.

"Anesi, tiyambe ndi mapiritsi."

"Palibe piritsi limene lingatsegule pamenepo lero."

"Jakisoni ndiye. Ine jakisoni sindiopa. Bayani awiri."

"Jakisoni satulutsa mkodzo, abambo."

"Chabwino. Tidikire adokotala aamuna."

"Abwera Lolemba. Inu Lolemba simufika muli chonchi. Mkodzo ukakhalitsa umabwerera n'kukavulaza impso."

Sanakwiye, sanaseke. Anatsegula kabati n'kutulutsa kasirinji kopanda singano, kodzaza ndi zinthu zoyera ngati madzi koma zolimba ngati phala la mwana.

"Ndikudziwa chimene mukuopa. Uyu ndi jelo wochititsa dzanzi. Ndimamuthira m'njira ya mkodzo paipi isanalowe, ndimatseka kukamwa kwa njirayo ndi zala kuti asabwerere, n'kudikira mphindi zingapo kuti agwire. Amateretsa, komanso amapha ululu. Mumva kuti chinthu chikulowa, koma osati zimene mukuganizazo. Mwachita mwayi, watsala mmodzi yekhayu."

Tsono mvetsani mmene ine ndinamvera. Kumsika, wogulitsa akayamba kukuikira basela iwe usanapemphe, ndiye kuti wafooka. Akanena kuti "latsala limodzi lokhali," ndiye kuti m'thumba muli ena asanu. Ineyo ndimanena mawu amenewa tsiku lililonse la malipiro, jekete lina ndili nditakhalira. Ndiye nditaona kasirinji kaja ndinati, ehe, ayamba kutsika. Ndikakoka pang'ono, piritsi lija lituluka m'kabati.

Ndinatsika pabedi, movutikira, n'kumanga lamba pabowo lomaliza.

"Zikomo anesi. Ndipita kuchipatala cha kumishoni. Kumeneko ndamva kuti amangopereka mankhwala."

"Kumenekonso akaika paipi yomweyi, abambo. Ndipo njirayo ndi yaitali kwa munthu amene ali chonchi. Gonani ndikuthandizeni."

"Ayi, ndayamika. Alamu, lizani njinga!"

Anatiperekeza mpaka pakhonde. Anandipemphanso kachiwiri, ine ndinapukusa mutu monga ndimachitira ndikatsala pang'ono kupambana. Ndinakwera njinga. Ndinauza alamu kuti ayende pang'onopang'ono. Khutu linali kumbuyo. Tinadutsa thanki ya madzi, zii. Tinadutsa shedi yoyezera masamba, zii. Titakhota pakona pamene pali mitengo ya bulugama ndinati aime.

"Taima. Ndiye?"

"Zimitsani. Atiitana."

"Ndani?"

"Anesi. Atuma munthu. Mungoona."

Alamu anazimitsa njinga. Kenako anatsika, anakhala pamwala, n'kutulutsa chinangwa chawo chija m'thumba.

Ndinalowa m'mizere ya tiyi kukayesanso. Ndinaima, ndinanjuta, ndinaliza likhweru ngati mmene amachitira ndi mwana, ndinalonjeza Mulungu zinthu zimene mpaka lero sindinakwaniritse. Mame a m'masamba ananyowetsa buluku lonse, moti munthu wondiona akanati zatheka. Sizinatheke. Ndili momwemo kunadutsa thirakitala ikulowera kukiliniki, pangolo pake patakhala madala amodzi atafunda bulangete. Anandikwezera dzanja. Ndinawakwezera langa, mwaulemu ndithu, osadziwa kuti ndikutsanzikana ndi jelo wanga.

Amene anabwera si mthenga wa anesi. Anali mayi a kunyumba, akutsika njira yachidule, pulasitiki yotchinga mame ikadali m'chiuno, thukuta lili kamukamu pa chiperoni chonsecho.

"Mukutani pano? Akuthandizani kale?"

Alamu anayankha chinangwa chili m'kamwa. "Akunenerera."

"Akunenerera chiyani?"

"Paipi. Akuti anesi awaitana, atsitsa."

Mayi a kunyumba sakonda kukweza mawu panja. Anayandikira mpaka ndinamva fungo la masamba a tiyi m'manja mwawo.

"Bambo, kodi anesiwo paipiyo anaigula pa oda? Ikatsala aluza? Mkodzo uli m'mimba mwa ndani?"

Ndinayesa kufotokoza za basela.

"Kwerani njinga ndisanakunyamuleni m'dengu."

Titabwerera tinapeza chitseko chotseka. Tinakhala pabenchi, kapena ndinene kuti iwo anakhala, ine ndinkazungulira mzati wa khonde. M'katimo munkamveka mawu a anesi ndi a madala aja. Ankacheza m'Chilomwe, modekha, za mtengo wa mapeyala umene unagwa ndi mphepo. Pena madalawo ankaseka. Ndinadzifunsa kuti munthu angaseke bwanji m'chipinda chimene muli chinthu chachikasu chija.

Chitseko chinatseguka. Madala anatuluka akukonza bulangete, kathumba ka mkodzo katamangidwa kumwendo m'kati mwa buluku. Pambuyo pawo anesi, amene atandiona anaima chilili.

"Aa! Simunapite? Ine ndaimbira kale foni kumishoni kuti akuyembekezereni!"

Anandikhulupirira. Zaka zonse zimene ndakhala ndikunena kuti "ndikupita kwa uyo," palibe ndi mmodzi yemwe amene anandichitapo chipongwe chondikhulupirira. Munthu ananditenga mawu anga monga mmene ndinawanenera, mpaka kuwononga mayunitsi ake.

Ndinalowa ndekha, ndinakwera pabedi ndekha, lamba ndinamasula ndisanauzidwe.

"Anesi, ndaganiza bwino. Bweretsani paipi ija ndi jelo wake."

Anapukusa mutu. Kenako analoza m'kabini ka zinyalala. Kasirinji kaja kanali momwemo, kopanda kanthu.

"Agogo aja amakhala ndi paipi nthawi zonse, lero linali tsiku lawo losintha. Inu munati mwapita. Sindikanasunga mankhwala m'kabati munthu ali pabedi."

"Tulutsani wina."

"Ndinakuuzani kuti watsala mmodzi."

"Eya, munanena. Koma tulutsani winayo."

Anatsegula kabati yonse kuti ndione. Mabandeji, mabotolo, magulovesi, thonje. Ndinayang'ana mpaka kuseri kwa mabokosi. Munthu uyu akati mmodzi amatanthauza mmodzi. Anthu otere amakhala bwanji m'dziko muno?

"Nanga m'kasirinjiko simunatsale kakang'ono? Tikhoza kukadula pakati n'kukombeza."

"Abambo! Zimene zakhudza munthu wina sizilowa mwa wina. Mukufuna ndikupatseni matenda pamwamba pa vuto muli naloli?"

Apa ndiye ndinakwiya, ndipo mkwiyo umenewo mpaka lero sunathe. Pa esiteti imeneyi malole amatuluka pageti atadzaza tiyi mpaka matayala kuphwa. Ndimawaona ndi maso anga, amandithira fumbi pa majekete. Ndiye kiliniki yosamalira anthu amene amathyola tiyi ameneyo ikhale ndi kasirinji kamodzi, kakang'ono ngati chala, koti amuna awiri akuluakulu azilimbirana? Ndinawafunsa anesi zimenezi mokweza. Anati anapempha kale, akuluakulu a kampani anawayankha kuti zikubwera. Ndinati zikubwera pa njinga yakapalasa kodi? Iwo anangotseka kabati ija. Ndinazindikira kuti ndikukalipira munthu yekhayo pa esiteti yonse amene anandipatsa chinthucho m'manja, ine n'kuchikana. Ndinatseka pakamwa, koma mtima unkawirabe.

"Njira zilipo ziwiri," anatero. "Mupite kumishoni, kumene akudikirani, ndipo mwina jeloyo ali naye. Kapena ndiike pano ndi mafuta oteretsa wamba. Amenewo ndili nawo ambiri. Amathandiza paipi kulowa osakupwetekani m'kati, koma dzanzi alibe. Mumva."

Ndinasuzumira pawindo. Njinga ya alamu inali itaima pakhonde, matayala ake ali matope okhaokha. Ndinakumbukira miyala ija, ndi zitunda zonse za pakati pa ife ndi kumishoni. M'mimba munali ngati wina akupopa tayala ndipo waiwala kusiya.

"Ikani."

Kunena zoona, anesi aja ntchito yawo amaidziwa. Anasamba m'manja, anavala magulovesi, ananditsuka ndi mankhwala ozizira, anandifunditsa kansalu kokhala ndi bowo pakati kuti ulemu wanga wotsalawo usathere pomwepo. Manyazi amene ndinali nawo poyamba, oti mwana wa msinkhu wa mwana wanga andione, anali atapita kalekale. Munthu akafika pamene ndinafikapo akhoza kuvula ngakhale pamsika. Mafuta anathira ambiri ndithu, osaumira. Anandiuza chilichonse asanachichite.

"Pumirani m'kati kwambiri. Tulutsani pang'onopang'ono. Gwedezani zala za kumapazi. Musalimbe, chitani ngati mukufuna kukodza."

Ngati ndikufuna kukodza! Ine amene kuyambira m'mawa sindinafune china chilichonse padziko lapansi.

Poyamba zinali zopiririka, ngati munthu wakhudza tsabola wa kambuzi n'kuiwala kusamba m'manja. Ndinayamba kuganiza kuti mwina jelo uja anali wongokometsera. Kenako paipi inafika pamene panatsekeka paja. Sindidziwa kuti ndifotokoze bwanji kwa amene sanazione. Tsabola uja anasanduka waya wamoto, ndipo wayayo ankafunafuna njira. Ndinagwira chitsulo cha bedi mpaka chinalira. Ndinaitana mayi anga kachiwiri, ndinaitana atsibweni anga, ndinalankhula Chilomwe chimene ndinkaganiza kuti ndinaiwala ndili mwana. Ndinawauza anesi kuti akasiya ndiwapatsa belo lonse losatsegula.

"Tatsala pang'ono. Pumani."

Panja, kudzera pawindo, kunamveka mawu a alamu: "Alamu, musavomere! Nenererani!"

Ndinamva mbama. Inali ya achemwali awo.

Kenako china chake chinagonja m'katimo, ndipo ndinamva kaphokoso kamene sindidzaiwala, ka madzi akugwera m'thumba la pulasitiki. Ndinatukula mutu. Mkodzo unkayenda m'paipimo, wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, osaima. Papaya lija linayamba kufewa. Anesi analowetsa paipi pang'ono ndithu, kenako anathira madzi m'kanjira kena ka pambali kuti kabaluni ka kunsonga kafufume m'chikhodzodzo, paipi isatuluke. Ine misozi inkangotsikira m'makutu. Sindikudziwa ngati inali ya ululu kapena ya chisangalalo; zonse ziwiri zinali pomwepo, zikukankhana.

"Mwalimba mtima," anatero anesi akuvula magulovesi.

"Musandinamize. Amva mpaka kufakitale."

"Kufakitale kuli makina, sanamve. Koma kushedi amva."

Nditatuluka, ndikuyenda ngati ndanyamula mazira pakati pa miyendo, madala aja anali akadali pabenchi kudikira thirakitala. Anali mlonda wa pafakitale asanapume. Anasuntha kundipatsa malo, kenako anagwira dzanja langa ndi manja awo onse awiri.

"Bambo, ndi inu munandisiyira mankhwala aja?"

Sanadikire kuti ndiyankhe.

"Anesi anati ndachita mwayi, munthu amene amafuna kumuthira wachoka. Ine ndabwera kuno kambirimbiri, nthawi zambiri ndimapeza atha. Ndimaluma bulangeteli, onani mabowo. Koma lero ndinangomva kuzizira, basi, mpaka tacheza. Ndiye ndakumvani mukulira m'katimo, ndati, munthu uyu akulira kulira kwanga. Mulungu akudalitseni."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze nkhaniyo. Mayi a kunyumba ananditsina m'nthiti. Alamu anatembenuka n'kuyamba kupukuta galasi la njinga limene linali loyera kale, mapewa akugwedezeka.

Kuchipatala chachikulu ndinapita sabata yotsatira, pa minibasi, nditakhala kutsogolo. Anapima, anati ndi pulositeti yomwe ija, anandipatsa mapiritsi. Inde, mapiritsi analipo, koma ndi omwa paipi italowa kale, kuti tsiku loichotsa njira ikhale itamasuka. Ulendo woyamba ataichotsa mkodzo unakananso, ndipo anayenera kuika ina. Tsiku limenelo jelo analipo. Namwino wa kumeneko, bambo wamtali wosalankhulalankhula, anathira, anatseka ndi zala, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Ndinamva kuzizira, kenako kuyabwa pang'ono, kenako malo onsewo anakhala ngati ndi a munthu wina. Ndinati basi tiyambe. Anati ayi, sanagwire bwino, dikirani. Ndinadikira. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuuzidwa kuti dikira ine osafunsa chifukwa.

Paipi inalowa. Ndinamva kukankha, kusasangalatsa ndithu, koma bedi silinalire ndipo mayi anga anapuma mu mtendere. Ndinafunsa ngati yayamba kulowa, iye anati yafika kale. Mukuganiza kuti ndinasangalala? Ndinapsa mtima njira yonse yobwerera. Kusiyana konse kuja, pakati pa waya wamoto ndi kukankha chabe, kunali m'kasirinji kamene kanali m'manja mwa munthu amene ankandipempha kuti ndigone andithire.

Panopa ndikukodza ndekha, mwaulesi koma ndekha, ndipo mapiritsi a chimfine a paokala ndimawadutsa ngati sindikuwadziwa. Koma nkhani ija sinathere pabenchi. Madala aja amabwera pageti tsiku lililonse la malipiro, atanyamula chinanazi kapena phava la nthochi. Amandipatsa, kenako amakhala pambali pa katundu wanga n'kumauza aliyense wogwira jekete kuti bambo awa ndi munthu wa Mulungu, analolera kumva ululu kuti nkhalamba isavutike. Amayi othyola tiyi amamvetsera, amagwedeza mitu, kenako amanditembenukira: "Ndiye inu a mtima wabwino, titsitsireni." Ndikauma, madala amandiyang'ana ndi maso achisoni, ine n'kutsitsa. Tsidya lina la geti, pasiteji ya kabaza, alamu amafotokoza nkhani yomweyo mwa njira yawo, ndi mawu onse amene ndinakuwa, ndipo anyamata a njinga akandiona ndikupita kuseri kwa bulugama amaimba mabelu.

Anesi amadutsa pageti popita kuntchito, amandipatsa moni mwaulemu, amafunsa ngati madzi akuyenda. Sanatchulepo za tsiku lija. Ndinawafunsa ngati jelo anabwera. Anati anabwera ochepa, atha, apemphanso.

Ndiye ndiuzeni inu amene mwawerenga mpaka pano. Anesi anaika paipi yawo monga ananenera poyamba. Madala anasintha yawo akuseka. Ine ndinatsala ndi ululu, zinanazi zaulere, ndi dzina labwino limene likundidyera phindu. Pamsika umenewu anapambana ndani?